Thabwa Limene Linadya Mwendo wa Amuna Anga

Matipate atabwera zinthu zambiri zinamasuka, ndi zopusa zomwe. Pa Linthipe, bambo wina wachisilamu anatsegula kachipinda ka vidiyo kuseri kwa golosale yake. Tsiku lina la msika, ine ndi amuna anga tinalowamo pothawa mvula yamawawa. Tepi ya karate inali itatafunidwa ndi makina, ndiye mwiniwakeyo anaika ina imene anaitola m'belo la kaunjika.

Sinali filimu ya sewero. Anali azungu enieni, atamangirira mapazi onse awiri pa thabwa limodzi, akutsetsereka m'mapiri oyera mbee ndi chisanu chakwawo chija chofika m'chiuno. Chilungamo ndinene, wojambulayo ntchito ankaidziwa. Munthu akadumpha pathanthwe ankamuchedwetsa m'malere mpaka iwe woonera kuiwala kupuma. Ngakhale ine, amene ndinkangoganiza za tomato wanga panja, maso sindinawachotse pakanemapo.

Koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kanemayo sanaonetse amene ankawakweza anthuwo pamwamba pa phiri, kapena mmene ankaimira akafika pansi. Wina akagwa, chithunzi chinkadumphira kwa mnzake amene akuseka, mano onse pamtunda. Panalibe magazi, panalibe mkazi wodikira kunyumba. Zimene ankalankhula zinali Chingerezi cha m'mphuno, ndipo ngati munali chenjezo, linatipita tonse.

Amuna anga anali ocheka matabwa m'nkhalango ya paini ku Chongoni. Kucheka sikunkawavuta. Chowawa chinali kusenza matabwa aawisi kutsika nawo phiri mpaka pamsewu, kanayi patsiku. Miyendo yawo iwiriyo ndiyo inkadyetsa ana athu anayi.

“Mayi a mwana,” anatero tili m'njira, “masamba a paini akauma amaterera kuposa zija. Bwanji thabwa lizindisenza ine?”

“Inu bambo, zija n'zakwawo. Kuno kuli zitsa.”

Anangoseka. Juni atafika anapala thabwa lina mpaka kusalala, n'kukhomerapo malamba a tayala lakutha olowetsamo mapazi, monga anaonera muja. Malambawo ndi amene anawapweteka. Ana akamasewera pa thunthu la nthochi zikavuta amangodziponya pambali, koma iwo anali atadzimanga okha ngati mbuzi yopita kumsika. Anzawo ocheka nawo anati anatsetsereka bwino ndithu mpaka pamene thabwa linakumana ndi chitsa. Anabwera nawo masana pa machira a mitengo iwiri ndi thumba, mwendo wamanja utayang'ana kumene sunayenera kuyang'ana.

Unapola mopindika. Macheka tinagulitsa, mwana wathu woyamba anasiya sukulu, ndipo ine ndinayamba kukwera phiri lomwelo kukatola nkhuni zogulitsa. Azungu aja sindinawakwiyire kwenikweni, sankatidziwa. Amene anadula zogwa zonse m'kanemamo ndiye ndimamusungira mawu mpaka lero.

Ndinadikira zaka kuti tsiku lina amuna anga anene kuti analakwa. M'mawa wina ndikumanga chingwe cha nkhuni m'chiuno, anandiitana ali pakhonde, mwendo uja atautambasula padzuwa. Ndinaima, ndikuti lero apepesa.

“Mayi a mwana,” anatero, maso ali kuphiri, “mukanangodziwa kukoma kwake ndisanafike pachitsa paja.”

Ndinamangitsa chingwe chija n'kuuyamba wa kuphiri. Ndikanatsegula pakamwa, ana akanamva zimene mwana sayenera kumva za bambo ake.