Kalata Yomwe Bambo Sanalembe

Tepi yomangira mwendo ija inali yoyera, yolimba, yonunkha chipatala, ndipo poimatula inkazula tiubweya ta pamwendo. Bambo ankaisunga m'chikwama chofiira pansi pa masitepe a nyumba yathu ku Bolton. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri.

Bambo anali dokotala kale tisanachoke ku Malawi, koma chaka chimenecho anali pa maphunziro apadera osamalira anthu amasewera. Mkati mwa sabata ankakwera sitima kupita kuchipatala ku Manchester. Loweruka ankaima pamvula m'mbali mwa bwalo la mpira, dokotala wamkulu akuwayang'anira. Lamulungu tikaweruka kutchalitchi ankayeserera pa ine. "Bweretsa phazi, mayi," ankatero, n'kumakulunga kakolo wanga ndi tepiyo mpaka ndinaloweza kamangidwe kake osafuna.

Kusukulu kwathu, Lachitatu lililonse m'nyengo yozizira tinkathamanga m'matope titavala makabudula. Miyendo yanga inali ndi zipsera zakuda za zilonda zaubwana. M'chipinda chosinthira zovala atsikana awiri ankafunsana mokweza ngati matenda amenewo ndi opatsirana. Sindinauze munthu. Ndinangoba mpukutu wa tepi, ndi pepala limodzi lokhala ndi chidindo cha chipatala. Ndinalemba kuti mwanayu wabinya mwendo, asathamange masabata asanu ndi limodzi, n'kusaina dzina la Bambo. Lachitatu m'mawa ndinkadzimanga m'chimbudzi cha kusukulu. Ndinkamanga bwino zedi, ndipo zimandichititsa manyazi lero kuti ndinkanyadira.

Tsiku lokumana makolo ndi aphunzitsi, Amayi anali kuntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndiye anabwera Bambo. Aphunzitsi a masewera, mayi wamsangala, anatulutsa kalata ija m'fayelo. Anati ine ndi wamwayi kukhala ndi dokotala m'nyumba, ndipo anafunsa ngati mwendo ukuchira. M'holomo munkanunkha majekete onyowa. Bambo anawerenga pang'onopang'ono, chala chili pansi pa dzina lawo. Kenaka anapempha kalatayo, n'kuipinda. "Sabata yamawa athamanga," anatero.

M'basi pobwerera magalasi anali atachita nthunzi. Bambo anandifunsa funso limodzi lokha: "Chimene ukuthawa kumeneko n'chiyani?" Ndinati kuzizira. Ndinawanamizanso, munthu woti wangondiphimba kumene. Sanandikalipire, sanandimenye, ndipo ine ndinaganiza kuti ndapulumuka. Lachitatu lotsatira ndinathamanga, zipsera zili pamtunda.

Zotsalazo ndinazimva kwa Amayi ndili wamkulu. Tsiku lokumana makolo ndi aphunzitsi lija litadutsa, m'mawa mwake Bambo anaitengera okha kalata ija kwa dokotala wowayang'anira, munthu wocheperapo msinkhu kwa iwo. Monga dokotala wochokera kunja, wokhalabe pamayeso, Bambo sakanabisa pepala la chipatala lonena bodza m'dzina lawo. Anafunsidwa kuti pepalalo linafika bwanji kunyumba. Panali misonkhano ndi makalata. Anawaimitsa kupita kubwalo mpaka nyengo ya mpira inatha, motero masewero omwe anayenera kutumikirako sanakwane. Amayi ankafuna kundiuza, Bambo anakaniza. "Mwana asasenze zimenezi," anatero.

Chilimwe chitafika, anzawo a Bambo anamaliza maphunziro, ndipo mmodzi anatiitanira kuphwando ku Manchester. Bambo anavala suti yawo ya kutchalitchi, anagwira chanza aliyense, anajambula anzawo zithunzi atanyamula masatifiketi. Ine ndinali ndi keke m'manja. Ndinawakoka mkono, n'kufunsa mokweza, anthu akumva, kuti nanga iwo satifiketi yawo ili kuti, kodi analephera?

Anandipukuta shuga pachibwano ndi chala. "Pali pepala lina lomwe silinakhale bwino, mayi. Chaka chamawa."

Ndinawamvera chisoni kuti mwina Chingerezi chinawavuta polemba, ndipo ndinapita kukatenga keke ina.