Laddu wa pa Chitomero cha Sosan

Abale okondedwa, taimani pang'ono muyang'ane moyo wa munthu amene mawu ake sanamvekepo m'misewu. Inayat Masih ndi telala wa kuno ku Batala, m'dziko la India. Wakhala pa makina ake kuseri kwa msika wa nsalu zaka makumi atatu, ndipo m'tchalitchi mwathu malo ake ndi benchi lomalizira.

Thupi ndilo linamusamutsira kumbuyoko. Linalemera kufikira mawondo anakana kugwada, matenda a shuga nayamba kumudya maso, ndipo telala wosaona bowo la singano alibenso ntchito. Madokotala a ku Ludhiana anamuchita opaleshoni: anachepetsa chifu chake kukhala kathumba kowonda, nakalumikiza pamalo amodzi ndi matumbo a m'munsi, kuti chakudya chizidutsa njira yachidule. Kuyambira pamenepo amakhuta ndi theka la chapati ndi masipuni angapo a mphodza, monga mana a m'chipululu, muyeso wa tsikulo basi. Zotsekemera anamuletsa, pakuti zimamutulutsa thukuta ndi kumugwetsa chizungulire.

Sanauze anthu. Ankaopa kunenedwa kuti wapeza ndi mpeni kudziletsa kumene ena amakupeza ndi pemphero.

Patatha miyezi iwiri linafika tsiku la chitomero cha mwana wake wamkazi, Sosan. Kwathu kuno mawu samangika kufikira bambo wa mnyamata ataika laddu, kampira ka ufa ndi shuga, m'kamwa mwa bambo wa mtsikana. Kukana laddu ndiko kukana banja lonse.

Bambo wa mnyamatayo, a Sadiq Gill, oyendetsa malole, anakweza laddu wamkulu ngati chibakera.

"Yasamulani, a Inayat! Mwaonda ngati ulusi wanu womwe. Kodi alamu anasiya kuphika?"

"Pepani achimwene, sindingathe."

Akazi a Sadiq anayamba kufunafuna nsapato zawo kuti azipita, Sosan nawerama.

"Simungathe?" anatero a Sadiq. "Chowawa n'chiyani, laddu wathuyu kapena mwana wathu?"

Ine ndinali pomwepo. Inayat akanangonena kuti akusala kudya, tonse tikanamulemekeza ngati woyera mtima, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma iye, pamaso pa alendo ndi amayi omwe, anakweza malaya ake naonetsa tizipsera tisanu pamimba.

"Chifu changa chatsala ngati chala ichi. Ndinadya mpaka kutsala pang'ono kuchita khungu. Ndikameza laddu yenseyu mundinyamula pa machira. Koma mtima sanaudule, achimwene, ndipo mwana wanga ndakupatsani ndi mtima wonse."

A Sadiq anawerama nayang'anitsitsa tizipserato nthawi yaitali. Kenaka anaphulika ndi phwete.

"Taonani, telala wasokedwa! Ndipo asoka bwino kuposa malaya amene munandisokera aja!"

Anatsina kanyenyeswa kochepa ngati njere ya chitowe, nakaika pa lilime la Inayat. "Kotsalaka ndikudyerani ine, asewere," anatero, laddu yense nalowa m'kamwa mwawo. Akazi awo anabweza nsapato pakhomo.

Lamulungu lotsatira ndinamuona Inayat pa benchi lake lomalizira lija. Malo sanasinthe, koma anali atagwada.

Ambuye asunge maso a Inayat ndi manja ake, adalitse nyumba imene Sosan akulowamo. Ndipo inu amene mwawerenga izi, tsiku limene bodza looneka lopatulika lidzakhala pafupi ndi milomo yanu, Mulungu akupatseni mphamvu yoonetsa zipsera zanu. Amen.