Njinga yofiira imene ndinaisiya ku Lilongwe

Kanjinga kanga kamoto koyamba kankalira ngati udzudzu. Ndinkanyamulirapo usipa ndi utaka kuchokera padoko kupita kumsika wa pa boma ku Salima, ndipo madengu akachuluka ndinkachita kutsika n'kumakankha. Chaka china asodzi a ku Mbenji anapha nsomba zambiri, geni inayenda bwino, ndiye ine ndi mkazi wanga tinagwirizana zogula njinga yokulirapo.

Tinapita ku Lilongwe tonse awiri. M'sitolomo munali njinga zambiri, koma maso anga anakakamira pa imodzi yofiira, ya mtundu wa zampikisano zija, thanki yotukuka, mpando wakumbuyo wokwezeka ngati mchira wa tambala. Nditakhalapo, msana unawerama wokha. Wogulitsa atailiza, ndinamva kulira kwake m'chifuwa momwe.

"Bambo, dengu muzimangirira pati pamenepa?" anafunsa mkazi wanga.

"Tikawotcheretsa kaliyala."

"Nanga mchenga wa kudoko uja, ndi matayala osalalawa?"

Tinagula yakuda, yolemera, ya kaliyala wamkulu ngati bedi. Ndi njinga yabwino, mpaka lero sinandikhumudwitsepo.

Nditafika kumudzi ndinafotokozera mnzanga wina amene tinakulira limodzi, mwini wa maboti awiri. Ndinamuuza zonse za yofiira ija: mtundu wake, kulira kwake, ngakhale msewu umene sitoloyo ili. Iye ankangoti, "Eti aise? Yokongola chomwecho?"

Sipanapite nthawi. Tsiku lina m'mawa ndikumangirira madengu pafupi ndi thandala loyanikira nsomba, ndinamva kulira kuja. Ndinakudziwa ndisanatembenuke. Anali mnzanga uja, atawerama pa njinga yofiira ija, magalasi akuda ali kumaso. Amayi ogula nsomba anasiya mabeseni awo n'kumuzungulira. Yanga yatsopanoyo palibe anaiyang'ana, inkangonunkha utaka.

"Unanena zoona aise, ikuuluka!" anandikuwira.

Ndinaseka mokakamiza.

Chimene chinandilasa kwambiri chinachitika mwezi wotsatira. Kunagwa maliro a azakhali a mkazi wanga ku Chitala, ine nsomba zili kale panjinga, zosati n'kudikira. Mnzangayo anadzipereka kuti amuperekeza. Ndinaimirira pakhomo kuonerera mkazi wanga, yemwe uja anaikana njingayo, akukwera pa kampando kokwezekako. Chogwirira panalibe, ndiye anagwira malaya a mwini njinga. Tsiku limenelo nsomba ndinagulitsa mokalipa, mpaka kasitomala wina anandifunsa ngati ndikudwala.

Mkazi wanga atabwerako ndinamufunsa ngati wayenda bwino.

"Msana ukundipweteka," anatero akumasula mpango. Kenaka anamwetulira. "Koma liwiro lokha, iii bambo, mitengo sumaiona n'komwe."

"Si unkati ndi yopanda ntchito iwe?"

"Ntchito ilibe. Koma kukoma ikukoma."

Sindinadye bwino tsiku limenelo.

Nthawi yokolola mnzanga uja anabwera kudzandipempha kuti ndikamutengere matumba a chimanga kwa apongozi ake, poti yakeyo sinyamula kanthu. Ndinkayesa mtima ukhala pansi. Ndinapita, ndinanyamula. Pobwerera anandipitirira pamsewu wa tala, ali wopepuka, malaya akuuluka, n'kundiimbira hutala. Ine ndinatsala m'mbuyo ndi chimanga chake, ndikumuyang'ana mpaka anazimiririka pokhota.