Sagynbek ndi Kababu Kake Kowolotsa Mawu pa Mtsinje

Ku dziko lina lakutali lamapiri, kumtunda kwa tauni ya Naryn, komwe mtsinje umathamanga ngati wakuba amene amukuwira, kuli mkulu wina dzina lake Sagynbek. Anagwira ntchito yokonza mawaya a telefoni zaka makumi atatu, ndipo iye atapuma, manja ake anakana kupuma nawo. M'nyumba mwake mulibe chinthu chimene sanachimasulepo. Ketulo anaimasula, wailesi anaimasula. Mkazi wake Kalicha amati akafuna kugona masana amakhoma chitseko, kuopa kudzuka atamasulidwa bondo kuti bambo aone chimene chimalira m'katimo.

Tsidya lina, moyang'anizana ndi khonde lake, kumakhala mlongo wake wamkulu, Burulcha, mayi wamasiye wa zaka 76, yekhayekha ndi ng'ombe imodzi. Ndi maso m'pafupi, kilomita imodzi ndi kachidutswa. Koma mlatho uli kutali, ulendo wa ola lathunthu pa galimoto ya Sagynbek, imene imapitiriridwa ndi nkhosa yotsimphina. Foni ya m'manja anamugulira, koma mbali imeneyo netiweki imabwera ngati mlendo wa pachaka, choncho Burulcha anaikulunga mu mpango n'kuiika pansi pa bokosi kuti isathe. Adokotala atanena kuti magazi a Burulcha akuthamanga kwambiri, Sagynbek anamupempha kuti asamukire kwa iye.

"Eje, mukadzagwa m'nyumba muno adzadziwa ndani?" anatero. Eje ndi mmene amaitanira mlongo wamkulu kumeneko.

"Iwe, ndinkakupukuta mamina ine ukukwawa," anatero Burulcha. "Lero ukandisunge iwe? Ng'ombe yanga ikagona pati, pabedi pako?"

Ndiye Sagynbek anati ngati munthu wakana kuwoloka, awoloke ndi mawu.

Anatenga mapaipi a utsi a mbaula, awiri tsidya lino, awiri tsidya lina: ina yolankhula, ina yomvera. Kukamwa kwa paipi iliyonse anaikako galasi lokulitsira zilembo, lalikulu ngati kambale komwera tiyi. M'kati mwa yolankhula anaikamo kababu kofiira ka mabuleki a galimoto, mu yomvera kachipangizo komva kuwala, kochepa ngati njere ya mpunga. Kababuko kamaphethira mwaliwiro loti diso la munthu silingaone, ndipo kuphethira kumeneko n'kumene kumanyamula zilembo kuchoka pa kompyuta yakale ya kuno kukafika pa inzake ya uko.

Kunena n'kosavuta. Zinamudyera zaka ziwiri ndi theka la tsitsi lake. Kulunjikitsa mapaipiwo kunali ngati kulowetsa ulusi pa singano ili pamsana pa hatchi yothamanga. Atalunjikitsa, ng'ombe ya Burulcha inapita kukadzikanda pa mzati wa mapaipiwo, mauthenga onse n'kumapita kuphiri kukawerengedwa ndi nkhandwe. Kenako chipale chofewa chinamata magalasi. Atatopa, anawotcherera chitsulo chochirikiza mapaipiwo n'kuchikhomera pakhoma la nyumba ya mlongo wakeyo, chokhala ndi kadenga kotulukira pamwamba pa magalasi. Kulimba kwake, iye ankati mukhoza kupachikapo ngamila ndi katundu wake yemwe.

Pangano linali limodzi. M'mawa uliwonse 7 koloko, akatha kukama mkaka, Burulcha azilemba ndi chala chake chimodzi kuti, "Ndilipo." Masiku ena ankawonjezera kuti, "Ndilipo. Wameta ndevu?" Kukachita nkhungu uthengawo unkachedwa, koma makinawo ankangoutumizabe mpaka utawoloka. Chaka ndi theka, tsiku silinaphonyeke.

Tsono tsiku lina mu Julaye, kumwamba kuli mbee, 7 koloko inakwana, pa kompyuta pali zii. Hafu pasiti seveni, zii. Sagynbek anagwedeza mawaya, anapukuta magalasi, anayesa batire. Zonse zinali bwino, ndipo n'zimene zinamuopsa.

"Bambo a Aizada, tiyi akuzizira," anatero Kalicha, pomuitana ndi dzina la mwana wawo. "Mapaipi anuwa anayamba liti kukhulupirika?"

Sagynbek anatenga choonera patali n'kuyang'ana tsidya lina. Pakhomo panalibe munthu. Ndipo pakhoma paja, kutsogolo kwa magalasi, panali nsalu yoyera ikulendewera, itaphimba onse awiri.

Inu mukudziwa chimene amayi a ku Naryn amayamba kuchita munthu akatsikira kuli chete m'nyumba: kuphimba magalasi onse ndi nsalu yoyera. Ndipo kwa anthu a tsidya linalo, makinawo dzina lake linali limodzi, "galasi la Sagynbek."

"Mayi a Aizada," anatero chapansipansi, "aphimba galasi."

Kalicha anayang'ana naye, n'kuika tiyipoti pansi pang'onopang'ono, n'kukatenga mpango wake wakuda.

Tsiku limenelo galimoto ija inachita zimene sinachitepo chibadwire. Inapitirira nkhosa, inapitirira hatchi, ena akuti inapitirira ndi khwangwala ali m'mwamba. Koma Sagynbek sankaona msewu. Ankangokumbukira mawu omaliza amene analembera mlongo wake dzulo lake: "Eje, batani musamalidinde kakhumi, si mtanda wa buledi." Munthu amene anamubereka kumbuyo mayi awo ali ku nkhosa, iye n'kutsanzikana naye ndi nkhani ya batani.

Mwamuna safika pamaliro mwakachetechete ngati wodzabwereka fosholo. Sagynbek anaimika galimoto chapatali, anagwira m'chiuno, n'kuyamba kuyenda akulira mokweza monga mwa mwambo.

"Mlongo wanga ine! Eje wanga wokondeka, wandisiyira yani ine!"

Mawu a Sagynbek ali ngati chitseko cha khola. Agalu a midzi itatu anavomera. Mkulu wina woyandikana nyumba ndi Burulcha, dzina lake Moldokul, anataya khasu m'munda wa mbatata n'kulowa pambuyo pake akulira naye, kwinaku akulingalira kuti pamaliro a mayi wolemekezeka chotere aphapo hatchi yonenepa bwanji.

Ali pafupi ndi geti, kuseri kwa nyumba kunatulukira Burulcha, malaya atapinda, manja ali mbuu mpaka m'zigongono.

"Wamwalira ndani?"

Kulira kunaduka ngati waya. Sagynbek anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Inuyo, Eje."

"Ine? Nanga bwanji sanandiuze?"

Sagynbek analoza pakhoma. Pa kadenga kachitsulo kaja panalendewera thumba la nsalu yoyera, lodzaza chambiko, madzi ake akudontha do, do, do mu beseni. Burulcha anali kuseri akuumba kurut, timibulu tija ta chambiko chouma, ndipo thumbalo linali la mawa.

"Msomali wanga unazuka dzulo," anatero. "Pakhomo pano chinthu cholimba n'chitsulo chakochi basi. Unanena wekha za ngamila."

"Eje, mwatseka kuwala! Uthenga udutsa bwanji m'chambiko?"

"Aa, kuwala kowoloka mtsinje kulephera kansalu? Ine ndalemba 7 koloko, iwe osayankha. Ndimati ndikatha kuumbaku nditume Moldokul akaone ngati wafa."

Pamenepo Sagynbek anakhala pansi pafumbi, akuseka ndi kulira nthawi imodzi, Kalicha ali pambali pake atabisa nkhope mu mpango wakuda uja, mapewa akugwedezeka. Burulcha anawerama n'kupukuta nkhope ya mlongo wake ndi dzanja, monga ankachitira kale, n'kumusiya ndevu zili mbuu ndi chambiko.

"Taona, sunamete," anatero.

Moldokul anakanda m'mutu. "Ndiye hatchi ija palibe?"

"Dikira pang'ono, aise. Uyambe ndiwe, ife tidzadye yako," anayankha Burulcha, n'kumupatsa kurut ziwiri m'manja.

Anachotsa thumbalo, anamwa tiyi ndi buledi ndi batala, ndipo Sagynbek anadya ngati munthu amene waikidwa m'manda n'kufukulidwa. Atabwerera kwawo chakumasana anapeza mawu atafika kale pa kompyuta, ataima pamzere:

"Ndilipo. Ndilipo. Ndilipo. Iwe ulipo?"

Sabata lomwelo anawolokanso ndi makina owotcherera. Anakhomera Burulcha ngowe pakhoma la kuseri, kutali ndi magalasi. Iye amati anakhoma zitatu. Ine ndinawerenga makumi anayi, zokwana kupachika chambiko cha chigawo chonse cha Naryn. M'mawa mwake, 7 koloko pa dontho, uthenga unawoloka:

"Ndilipo. Tsiku lenilenilo udzalire chapansipansi. Ng'ombe yasiya kutulutsa mkaka ndi phokoso lako lija."