Chaja ya adada

Abale, mwaswera bwanji nonse?

Mbewa zitatafuna chaja ya laputopu yanga, adada anapalasa njinga kuchoka kuno ku Manyamula mpaka pa Boma kukandigulira ina. Anabwera nayo ataikulunga m'kampango kawo ka m'thumba.

Lero polemba asayimenti, laputopu yayamba kukwawa ngati nkhono. Wokonza akuti sinawonongeke, koma chajayo ndi yochepa mphamvu, ndiye laputopu ikudzichepetsera yokha liwiro.

Nditabwerako kwa wokonzayo, adada andifunsa, "Ikugwira, mwana wane?"

Ndangoti, "Ikugwira bwino chomene, adada." Mbwenu pompo aitana amama kuti adzaone kanyali ka chaja kakuyaka. Mukanaona nkhope yawo!

Asayimenti ikufunika Lachisanu. Ndiwauze zoona, kapena ndibwereke chaja kwa mnzanga, ya adadayi ndiziilumikiza akakhala pafupi?