Wogwira Chikatoni

Pagombe palibe amene amadziwa dzina lawo lenileni. Onse amangoti a Imanipo, chifukwa kwa zaka makumi awiri ndi zisanu nyimbo yawo yakhala imodzimodzi: imanipo, imanipo, dzuwa silidikira munthu. Ntchito yawo ndi kujambula anthu dzuwa likamalowa m'madzi. Masana kamera saigwira n'komwe, amati chithunzi cha masana ngakhale mbuzi ikhoza kujambula.

Komatu dzuwa lolowa lili ndi nkhanza zake. Likakhala kumbuyo kwa munthu, nkhope imatuluka bii ngati kunsi kwa mphika. Mankhwala ake a Imanipo anawapeza kalekale: chikatoni chomwe munabwera firiji, chomatidwa mapepala onyezimira. Munthu wina amaima pambali pa kamera, maso kudzuwa, n'kumachipendeketsa mpaka kuwala kubwerere pankhope ya kasitomala. Munthu winayo, zaka zonsezi, anali akazi awo. Akwati, ana omaliza sukulu, zibwenzi zobisala, onse ankatuluka owala ngati adzola mafuta, ndipo woyamikiridwa anali a Imanipo. Eni ake sankakana. Bambo amene uja kutamidwa amakukonda kuposa tiyi wa shuga.

Mwezi watha mayiwo anawapeza ndi chotupa m'mimba, adokotala n'kulamula kuti Lolemba akagonekedwe, achitidwe opaleshoni. Loweruka mwana wawo wamkazi, mayi wa ana awiri tsopano, anabwera kudzalongedza chikwama. Akupinda zovala anapempha bambo ake chithunzi cha amayi choti asunge. Chifukwa chake sanachitchule, koma aliyense m'chipindamo anamva.

A Imanipo anaseka, amvekere zithunzi zingasowe bwanji m'nyumba ya wojambula. Anakoka mabokosi pansi pa bedi, anayatsa kompyuta, anafufuza mpaka chakudya chinazizira patebulo. Nkhope za alendo zinali mbwee, mazanamazana, koma ya akazi awo ayi ndithu. Chomwe anapeza ndi zala zinayi zitagwira m'mphepete mwa chikatoni, pakona ya chithunzi china chomwe chinalakwika. Manyazi anawagwira, kenako mantha. Ngati Lolemba zikanavuta, adzukulu akanasonyezedwa zala zinayizo basi.

Linatsala dzuwa limodzi, la Lamulungu.

A Imanipo atawapempha kuti awajambule, mayiwo anayamba akana, akuti zachibwana, munthu wodwala sajambulidwa. Koma itakwana nthawi anatulukira atavala diresi yawo yobiriwira ya kumaukwati, ndolo zili m'makutu. A Imanipo anawaimika pamchenga wonyowa, pamalo pomwe amaima makasitomala, ndipo mayiwo anasowa poika manja. Chikatoni anagwira mwana uja. Sipanathe mphindi ziwiri misozi ili chuchuchu, akudandaula kuti dzuwa likumubaya m'maso, mikono yalema. Amayi ake anamuseka kuti ndi mwana wa mu ofesi, n'kumamulangiza ali pomwepo: tsitsa pang'ono, pendeketsa kumanzere, usaphethire, ukaphethira kuwala kuthawa.

Kuwala kunafika pankhope. A Imanipo anasuzumira m'kamera, kuona akazi awo mmenemo koyamba chikwatiranire. Nkhope inali bwinobwino, koma maso anali timizere tiwiri, makwinya atawazinga mbali zonse. Anadabwa, pakuti dzuwa linali kumbuyo kwa mayiwo.

"Tsegulani maso, mayi. Mukutsinzina."

"Ndatsegulatu, bambo. Apa ndiye pomwe amalekezera."

A Imanipo anatsitsa kamera. Anayang'ana mwana wawo akulimbana ndi dzuwa, nkhope itakwinyika chimodzimodzi, pamalo pomwe amayi ake anaima zaka makumi awiri ndi zisanu. Anabwezeranso kamera kumaso, chala chili pabatani.

Dzuwa linali litamira theka. Mayiwo anakonza ndolo, naimika khosi.

"Jambulani, bambo," anatero. "Dzuwa silidikira munthu."