Makope Owonda a Mwana wa Domnica

Kope la mwana wa kalasi yoyamba limagulidwa malei awiri ndi theka, ndalama za kuno ku Romania, ndipo limakhala ndi mapepala makumi awiri ndi anayi. Mwana wolemba bwinobwino amatha nalo mwezi wathunthu. Domnica Bejan, wogulitsa tchizi mumsika wathu wa ku Tecuci, anagula makope khumi ndi limodzi m'miyezi iwiri yokha. Mkulu wogulitsa makope pachipata cha msika anafika pomuvulira chipewa ngati bwana.

Domnica ndi mayi wamfupi, wa mikono yolimba ndi mawu omveka mpaka kumzere wa nsomba. Anabadwira m'mudzi wa oweta nkhosa, ndipo sukulu anailekeza ali mtsikana, bambo ake atadwala, nkhosa zitasowa wokama. Chimene anatuluka nacho kusukuluko ndi dzanja lolemba mokongola. Timapepala ta mitengo ta mzere wonse wa tchizi amalemba ndi iye, ndipo wogula akaona zilembo zake amachita manyazi kunenerera. Dzanjalo sanabadwe nalo. Mayi ake ankaimirira kumbuyo kwake akamalemba, chilembo chikangopendekeka, pepala lija ng'ambu, yambiranso. Ambiri m'tauni muno anakula choncho. Palibe amene ankati ndi nkhanza. Ankati ndiko kuthandiza mwana.

Mwamuna wake, Fane, amayendetsa lole kumaiko akutali ndipo kunyumba amangobwera mwa apo ndi apo. Mwana wawo ndi mmodzi, Tudorel, wa zaka zisanu ndi ziwiri.

Kuno mphunzitsi amatenga ana akangoyamba sukulu n'kupita nawo mpaka kalasi yachinayi, choncho kholo likaphonya mphunzitsi laphonya zaka zonsezo. Aliyense ankafuna Mayi Moraru. Domnica ankakhala kunja kwa dera la sukulu imene iwo amaphunzitsa, koma anamulembetsa mwana ngati wokhala kwa azakhali ake, anayenda mpaka nsapato kutha, anapempha anthu amene masiku ena sangawapatse ndi moni womwe. Malo anawapeza. Tudorel anakhala pa desiki ya kutsogolo, pamodzi ndi Smaranda, mwana wa Mayi Cernat a sitolo ya mankhwala.

Vuto linayamba ndi cholembera. Ana a kalasi yoyamba saloledwa bolopeni, amalembera cholembera chothira inki, chimene chimafuna dzanja lopepuka. Tudorel ankakanikiza ngati akukhoma msomali. Madzulo aliwonse Domnica akatseka benchi yake ya mumsika ankakamutenga mwana kwa azakhali, n'kumukhazika patebulo, iye chilili kumbuyo kwake.

“Ichi n'chiyani?”

“Ndi m, amayi.”

“Ndi m kapena ndi bongololo wopondedwa ndi galimoto? Nanga dontho ili? Ukufuna aphunzitsi aziti kwanu kumakhala nkhumba?”

Ng'ambu. Ndipo aliyense amene anagwirapo kope amadziwa kuti pepala siliyenda lokha. Ukang'amba la kutsogolo, linzake la kumbuyo limagwedera, ndiye uyenera kulichotsa nalonso kuti mphunzitsi asazindikire. Dontho limodzi, mapepala awiri. Domnica ankazichita mwaluso, osasiya ngakhale kachidutswa pa waya womanga kopelo. Makope a Tudorel ankapita kusukulu ali oyera ngati malaya a ukwati, koma owonda ngati galu wa mumsika.

Chimene chinkamuwiritsa magazi kwambiri Domnica ndi gulu la makolo la pa foni. Madzulo aliwonse amayi ankaponyapo zithunzi za masamba a ana awo, osalala, opanda banga, pansi pake timitima. Domnica ankayang'ana zithunzizo, n'kuyang'ana ntchito ya mwana wake, mtima n'kuphulika.

Fane akaimba foni ankangoseka. “Musiye mwanayo, mkazi wanga. Akadzakula azidzalemba pa kompyuta.”

“Iwe khala chete. Uli pamsewu wa eni ake, wanyamula kabichi wa eni ake, ukundiphunzitsa kulera? Ukufuna naye azidzagona m'lole?”

Tsiku lina Lachiwiri, akuyeza tchizi pa sikelo, foni inalira. Anali Mayi Moraru. Anati abwere kusukulu ana akaweruka, pali nkhani.

Anapeza m'kalasi muli aphunzitsi ndi Mayi Cernat, amene anali atakhala pa kampando ka ana, chikwama pamiyendo, nkhope itachita mdima. Mayi Cernat ndiwonso anali wapampando wa komiti ya makolo, ndipo mawu awo kwa ahedi ankalemera.

Mayi Moraru anafotokoza. M'mawa umenewo, ana akulemba, inki inadonthera pa tsamba la Smaranda, mtsikanayo n'kuyamba kusisima. Tudorel sanachedwe. Anakoka kope la mnzakeyo, ng'ambu, anatembenuza, n'kuchotsa pepala la kumbuyo, onse awiri n'kuwapindira m'thumba la buluku. Kenako anamunong'oneza kuti, “Yambiranso, sanaone.” Koma kuseri kwa pepala lija kunali nyenyezi yofiira imene Smaranda analandira dzulo lake, yoyamba chiyambire sukulu. Mtsikanayo anakuwa mpaka kalasi yoyandikana inamva.

“Mwana wanga wakana kudya,” anatero Mayi Cernat. “Akuti sabweranso kusukulu ngati mnyamatayo alipo. Ine ndanena kale kwa ahedi, amusamutsire kalasi ina. Lero wang'amba kope, mawa ang'amba chiyani?”

Kalasi inayo inali ya aphunzitsi osinthasintha, ongobwera n'kuchoka. Malo amene Domnica anawathera nsapato achoke chifukwa cha pepala limodzi!

“Mayi Cernat, ndiyang'aneni m'maso. Inuyo simung'amba? Zithunzi zija mumatiponyera pa foni, mwana wanu amalemba choncho ulendo woyamba? Ndi mngelo?”

“Ndimang'amba,” anayankha Mayi Cernat osaphethira. “Ndimang'amba la mwana wanga, m'nyumba mwanga, ndi dzanja langa. Sinditumiza mwana kukang'amba za ena.”

“Ndamutuma ine? Amafuna kumuthandiza! Kapena chifukwa ndife onunkha tchizi, chifundo chathu nacho chimanunkha?”

“Tsitsani mawu, Mayi Bejan, muno si mumsika.”

“Mumsika tikanathana kale!”

Mayi Moraru anamenya tebulo ndi chikhatho, onse awiri ziii. Anatembenukira kwa Domnica.

“Nkhani ya pepala ndi yaing'ono. Ndakuitanirani ina. Tudorel salemba m'kalasi muno. Papita masabata. Amagwira cholembera m'mwamba, osachigunditsa pa tsamba, mpaka belu. Ndikamufunsa amati akuganiza. Koma ntchito ya kunyumba imabwera yokongola kuposa ya aliyense, ndiye ine ndinkati ndi mwano chabe, ndinafika pomukalipira. Lero ndi pamene ndadziwa kuti ndi mantha. Kuno kulibe womuchotsera pepala akalakwitsa, ndiye anasankha kusalemba.”



“Dontho limandiuza kuti mwana akukanikiza, ndipo ndimadziwa pomugwira dzanja,” anapitiriza aphunzitsi. “Tsamba loyera limandinamiza. Mwakhala mukundibisira mwana wanu, mayi.”

Apo Domnica anayaka moto. “Ndiye wolakwa ndine? Nanga nyenyezi zanuzo mumapereka kwa ndani, Mayi aphunzitsi? Kwa tsamba la madontho? Ndani amapachika makope oyera pakhoma kuti tonse tione? Mumatiikira nyambo, tikameza mukuti ndife adyera!”

“Nyenyezizo nditazisiya, gulu lanu la pa foni lija lingandidye wamoyo,” anatero Mayi Moraru motsitsa. “Koma mwanenazo ndazimva.”

Chigamulo chinali chakuti Tudorel achoke kutsogolo, akakhale yekha pa desiki ya kumbuyo. Aphunzitsi anati alankhula ndi ahedi kuti adikire mpaka tchuthi cha Khirisimasi. Akayamba kulemba m'kalasi, osang'ambanso kanthu, atsala. Zikakanika, iwo sadzatha kumutchinjiriza. Ndipo ntchito ya kunyumba izibwera mmene mwana wailembera, ndi madontho ake omwe.

Domnica anatuluka osatsanzika. Mwana anamupeza pabenchi ya pakhonde, miyendo ikulendewera. Anamugwira dzanja, ndipo njira yonse ankatukwana chamumtima: Mayi Cernat ndi chikwama chawo, aphunzitsi ndi nyenyezi zawo, Fane ndi lole yake, ndi munthu amene anapanga cholembera cha inki, kulikonse kumene anaikidwa.

“Amayi, ndinachotsa bwinobwino,” anatero Tudorel atafika pa mlatho. “Sindinasiye kachidutswa.”

“Yenda!”

Mawa lake madzulo anamukhazika patebulo. Anamuuza kuti lero palibe kung'amba, alembe mmene angathere. Mwanayo anamuyang'ana ngati munthu amene wauzidwa kuti galu uyu saluma. Mzere woyamba unapendekeka. Domnica anapinda manja pachifuwa. Mzere wachiwiri unatsika phiri. Analuma mlomo. Pa mzere wachitatu cholembera chinalavula dontho lalikulu ngati nyemba, ndipo Tudorel anachotsa manja ake patebulo, n'kuwaika pamiyendo, kudikira.

Ng'ambu.

Domnica anangoona pepala lili m'dzanja lake. Sanaganize, dzanja linapita lokha, monga limapitira ku mpeni wogula akaloza tchizi.

“Ndiyambirenso, amayi?”

Domnica analowa kukhitchini, anamenyetsa chitseko, n'kuyamba kukwecha poto amene anali wotsuka kale. Anamukwecha mpaka mkono kuwawa.

M'mawa kumsika anthu anadziwa kuti lero si tsiku lonenerera. Mayi wina atangoti tchizi chachuluka mchere, Domnica anamuuza kuti akagule shuga. Bambo Pandele, mkulu wogulitsa uchi pa benchi yoyandikana, anadikira kuti ogula achepe.

“Iwe Domnica, wadya mavu? Ukundithamangitsira makasitomala.”

Anawafotokozera zonse, uku akuvuula zigamphu za tchizi m'ndowa ya madzi a mchere. Mkuluyo anaseka mpaka kutsokomola.

“Ndiye mwana wako waphunzira ntchito ya amake asanaphunzire ya sukulu! Mphunzitsi wabwino ndiwe, Mayi Moraru achepa.”

“Sekani, bambo Pandele. Anu aja munawaphunzitsa chiyani, kuthawa njuchi?”

“Anga anakula ndi madontho awo, ndipo mmodzi amanditumizira mankhwala a nyamakazi. Vuto lako si mutu, mwana wanga, mutu wamva. Ndi manja akowo. Ndi agalu olusa. Uwamange pa chingwe.”

“Ndiwamange ndi chiyani? Ndiwakhalire?”

Ananena izi akukweza manja onse awiri m'mwamba, madzi a mchere akuyenderera mpaka m'zigongono. Wogula wina anafika, anamutambasulira ndalama ya pepala, ndipo Domnica anachita kumulozera mbale yoikamo ndalama, chifukwa ndi manja onyowa chotero sakhudza pepala lililonse. Ndi lamulo la aliyense wa mzere wa tchizi. Wogulayo atachoka, Domnica anatsala akuyang'ana zala zake.

“Bambo Pandele, bokosi lanu lija la mabotolo likugwira ntchito?”

“Lili pansi apa. Bwanji?”

“Ndibwerekeni. Ndi thabwa lija.”

Mkwiyo sunathe ayi. Mpaka lero dzina la Mayi Cernat likatchulidwa, Domnica amadula tchizi ngati akudula khosi. M'gulu la pa foni anatulukamo tsiku lomwelo, atalemba mawu amene sitingawabwereze pano. Koma anaona kuti nthawi ilipo yokwanira, Khirisimasi isanafike mwana akhoza kuzolowera kuona dontho n'kupitiriza mzere. Anaimbira azakhali kuwauza kuti asamamusungenso mwana masana. Fane ataimba n'kufunsa ngati mumsika muli malo ophunzirira, anamuuza kuti ayang'ane msewu.

Lolemba ana akaweruka, Tudorel abwera molunjika kumsika. Akhala kuseri kwa benchi, pa bokosi la bambo Pandele, thabwa pamiyendo, ndipo alemba ntchito yake nthawi ya masana, pamene ogula amachuluka ndipo manja a mayi ake amakhala m'ndowa, osakhudza pepala lililonse. Akamaliza atseka kope yekha n'kuliika m'chikwama, ndipo Lachiwiri lipita kwa Mayi Moraru mmene lilili.